Mafunso Anu: Zoona ku London ndi Zophika za Angerezi

Makalata ambiri a mwezi uno achokera kwa makolo amene ana awo akugwira ntchito kapena kumaliza maphunziro ku England ndipo awaitana kuti akawaone. Ena sakupita kulikonse, angofuna kudziwa chifukwa chake chakudya chachingerezi chimawakanika kukhitchini kwawo kuno ku Lusaka. Tasankhapo mafunso asanu ndi atatu.

Mwana wanga wandiitana ku London, koma masiku oyendayenda ndidzakhala nawo awiri okha, ndipo mawondo anayamba kale kuvuta. Ndiyambire pati? (Mayi wa ku Chilenje)

Amayi, masiku awiri ndi okwanira ngati simuyesa kuona zonse. Malo otchuka a London anaunjikana m'magulu awiri m'mbali mwa mtsinje wa Thames: gulu la ku Westminster ndi gulu la ku Tower. Gulu lililonse lipatseni tsiku lake, musamadumphedumphe.

Tsiku loyamba yambirani ku Buckingham Palace, nyumba yachifumu ya zipinda 775. Tsikirani pa siteshoni ya Green Park kapena Victoria. Mwambo wosinthana asilikali olondera umachitika cha m'ma 11:00, koma si tsiku lililonse. Kawirikawiri ndi Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, ndipo mvula ikachuluka amaulepheretsa. Mwana wanu ayang'aniretu pa intaneti usiku wake. Mukafika 10:50 mudzangoona misana ya anthu ndi mafoni okwezedwa m'mwamba, choncho fikani isanakwane 10:15. Kwa munthu wa mawondo ovuta, malo abwino si pa mpanda weniweni ayi, koma m'mphepete mwa msewu wa The Mall, pamene asilikali ndi oimba malipenga amadutsa pafupi. Yang'ananinso mbendera pa denga: ikakhala ya mfumu, yofiira, yachikasu ndi yabuluu, ndiye kuti mwini wake ali momwemo.

Mwambo ukatha, dutsani m'paki ya St James's, mmene muli mabenchi ambiri opumirapo. Ndi ulendo wa mphindi 15 mpaka 20 kukafika ku Parliament Square. Pamenepo zonse zili pamodzi: tchalitchi cha Westminster Abbey, Nyumba ya Malamulo, nsanja ya wotchi, ndi ziboliboli za Winston Churchill, Mahatma Gandhi ndi Nelson Mandela. Mu Abbey mumalipira, pa mapaundi 30 kapena kupitirirapo, ndipo alendo amasiya kuwalowetsa cha m'ma 15:30. Lamlungu ndi la mapemphero okhaokha. Ngati ndalamayo yakula, pitani ku mapemphero a madzulo a 17:00, amene munthu aliyense amalowa ulere, ngakhale kuti simungayendayende kuona manda. Mphamvu zikatsalako, kwerani basi yodutsa msewu wa Whitehall, muone kumanzere chipata cha Downing Street, kumene kuli nyumba ya nduna yaikulu, mukatsikire ku Trafalgar Square pamene pali chipilala cha mamita 52 cha Horatio Nelson, mkulu wa asilikali apamadzi wakale, ndi mikango inayi yamkuwa.

Tsiku lachiwiri tsikirani pa siteshoni ya Tower Hill. Tower of London ndi linga limene William the Conqueror anayamba kumanga m'zaka za m'ma 1070, ndipo lakhalapo nyumba yachifumu, ndende, ndi malo opherako anthu. Anne Boleyn, mkazi wa Henry VIII, anadulidwa mutu mommo mu 1536. Fikani nthawi yotsegula, ndipo musayambe ndi kujambula zithunzi panja. Lunjikani kumene amasunga zisoti zachifumu, chifukwa pofika masana mzere wake umatalika kwambiri. M'menemo saloleza kujambula. Mudzaona dayamondi ya Cullinan I, ya makarati 530, pa ndodo yachifumu, ndi inzake Cullinan II pa chisoti. Zonse zinadulidwa ku mwala umodzi umene unapezeka pafupi ndi Pretoria mu 1905. Mukatuluka, dikirani pa chipata mmodzi wa alonda ovala yunifomu yakale, amene aliyense wa iwo anagwirapo usilikali zaka zosachepera 22. Amatsogolera alendo kwa ola limodzi ndipo mtengo wake uli kale mu tikiti. Akhwangwala amene mudzawaone pa kapinga ndi owetedwa, ndipo amajompha, musawapatse chakudya. Chenjezo limodzi: pansi ndi pa miyala yosasalala ndipo m'nsanja muli masitepe opapatiza ozungulira. Valani nsapato zafulati, ndipo nsanja yapakati mukhoza kungoionera kunja.

Kuchokera apo Tower Bridge ili pafupi, mphindi zisanu. Kuwoloka ndi ulere. St Paul's Cathedral ndi yokongola, koma masitepe 528 okafika pamwamba pake asiyireni achinyamata.

Ndimaphunzitsa mbiri yakale. Ana amandifunsa ngati ku London kuli chilichonse chokhudza Zambia. Ndiwauze chiyani? (Mphunzitsi wa ku Matero)

Aphunzitsi, muli nazo zambiri zowauza, ndipo zina ndi zowawa.

Yambani ndi David Livingstone. Anamwalira pa 1 May 1873 m'mudzi wa mfumu Chitambo, kum'mwera kwa madambo a Bangweulu. Anthu amene ankayenda naye, motsogozedwa ndi Susi ndi Chuma, anakwirira mtima wake pansi pa mtengo wa mpundu, thupi n'kuliumika ndi mchere ndi dzuwa. Kenako analinyamula mtunda woposa makilomita 1,500 kukafika ku Bagamoyo, pagombe la Tanzania ya lero, ulendo wa miyezi pafupifupi isanu ndi inayi. Linaikidwa mu Westminster Abbey pa 18 April 1874. Manda ake si chipilala choimirira, ndi mwala wakuda woyala pansi, pakati pa njira yaikulu ya m'tchalitchimo, ndipo alendo ambiri amaupondapo osadziwa. Manda okhawo amene munthu saloledwa kupondapo ndi a msilikali wosadziwika wa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, a mu 1920, amene ali pafupi ndi khomo lakumadzulo. Ana anu adziwe kuti popanda Susi, Chuma ndi anzawo, mwala wa Livingstone sukanakhalapo.

Chigawo cha mtengo wa mpundu uja, pamene Jacob Wainwright anazokota dzina la Livingstone, chinadulidwa n'kupita nacho ku London, ndipo chimasungidwa ndi Royal Geographical Society ku Kensington. Pa khoma lakunja la nyumba yawo pali chiboliboli cha Livingstone chimene munthu amachiona ali mumsewu.

Chachiwiri ndi chigaza cha ku Kabwe. Chinafukulidwa mu 1921 mumgodi wa Broken Hill, ndipo kafukufuku wa mu 2020 anasonyeza kuti chili ndi zaka pafupifupi 300,000. Chili m'manja mwa Natural History Museum ku South Kensington. Boma la Zambia lakhala likupempha kwa zaka zambiri kuti chibwezedwe. Ife tikuona kuti malo ake ndi kuno, ndipo ndi nkhani yabwino yoti ana akambirane m'kalasi: chinthu chofukulidwa m'nthawi ya atsamunda mwini wake ndani?

Malo awiri a ku Kensington amenewa ndi oyandikana, ndipo ofesi ya kazembe wa Zambia, Zambia House, ili pa Palace Gate m'dera lomwelo. Kwa ana a jogalafe onjezani Greenwich, kumene kumadutsa mzere wa madigiri 0 umene mayiko anagwirizana mu 1884. Nthawi yathu ili patsogolo ndi maola awiri, koma kuyambira kumapeto kwa March mpaka kumapeto kwa October Angerezi amasuntha mawotchi awo, ndiye kusiyana kumatsala ola limodzi.

Tikukangana ndi mnzanga. Iye akuti mlatho wa nsanja ziwiri uja ndi London Bridge. Ndani akulondola? Nanga Big Ben ndi wotchi kapena nyumba? (Wophunzira wa ku Kalingalinga)

Mnzakoyo waluza. Wa nsanja ziwiri ndi Tower Bridge, umene unatsegulidwa mu 1894, ndipo pakati pake pamatukuka kuti zombo zidutse, nthawi pafupifupi 800 pa chaka. Nthawi zake amazilengezeratu pa intaneti. London Bridge ndi mlatho wotsatira chakumtunda, wa konkire, wopanda chokopa maso. Umene unalipo usanamangidwe uwu unagulitsidwa mu 1968 kwa munthu wabizinesi wa ku America, Robert McCulloch, ndipo anakaumanganso ku Arizona.

Big Ben ndi belu lalikulu la matani oposa 13 limene lili m'kati mwa nsanja ya wotchi. Nsanjayo, ya mamita 96, imatchedwa Elizabeth Tower kuyambira mu 2012, ndipo wotchi yake inayamba kuyenda mu 1859. Ukatuluka pa siteshoni ya Westminster imakhala pamaso pako pomwepo.

Ndamva kuti mabasi a kumeneko salandira ndalama. Munthu wochokera kuno amalipira bwanji, ndipo angapewe bwanji kuwononga? (Bambo wa ku Kabwata)

Mwamva zoona, abambo. Mabasi a London anasiya kulandira ndalama zapamanja mu 2014. Njira ndi ziwiri: khadi la Oyster, limene mumagula pa siteshoni n'kumaikamo ndalama, kapena khadi lanu la ku banki ngati lili logunditsa pa makina. Musananyamuke funsani banki yanu ngati khadilo ndi lotsegulidwa kunja ndiponso kuti amadula zingati pa malipiro alionse. Nthawi zina Oyster ndiye imatsika mtengo.

Pa basi mumagunditsa kamodzi, pokwera. Mukasintha basi ola lisanathe, yachiwiriyo simulipira. Pa sitima ya pansi panthaka mumagunditsa polowa ndi potuluka, ndipo mukaiwala potuluka makina amakudulani mtengo wokwera kwambiri chifukwa sakudziwa pamene mwatsikira. Pali malire a ndalama zimene angakuduleni pa tsiku, koma malirewo amagwira ntchito pokhapokha mukagwiritsa khadi limodzi lomwelo tsiku lonse. Apa ndi pamene alendo amataya ndalama: m'mawa agunditsa khadi, masana foni, makina n'kuwawerenga ngati anthu awiri. Musagunditsenso chikwama chonse chokhala ndi makhadi angapo. Munthu aliyense akhale ndi khadi lake. Ana osakwana zaka 11 amayenda ulere akakhala ndi wamkulu. Kuchokera ku bwalo la ndege la Heathrow, sitima ya Piccadilly ndiyo yotsika mtengo, pafupifupi mphindi 50 kufika pakati pa mzinda. Pa masitepe oyenda okha imani kumanja, kumanzere ndi kwa othamanga.

Zaulere ndi zambiri: British Museum, National Gallery, Natural History Museum ndi mapaki onse. London Eye, gudumu la mamita 135 lozungulira mphindi 30, ndi yodula ndipo tsiku la mitambo simuona patali. Ku Sky Garden mumaona mzinda kuchokera pamwamba ulere ngati mwalembetsa malo masiku angapo m'mbuyo. Kumbukiraninso kuti mu December dzuwa limalowa 16:00 isanakwane, ndiye zakunja muzione m'mawa.

Ndine wa mpingo umene sitidya nkhumba. Ndi zakudya ziti zachingerezi zimene ndingadye mosaopa, ndipo ndi ziti zoti ndizitalikire? (Mayi wa ku Libala)

Chenjerani kwambiri ndi chakudya cha m'mawa, amayi. Chimene amachitcha full English breakfast chimakhala ndi mazira, nyemba za m'chitini, tomato wowotcha, bowa ndi buledi, koma pambali pake pali bacon ndi masoseji, zonse za nkhumba, ndiponso kagawo kakuda kozungulira kotchedwa black pudding, kamene ndi magazi a nkhumba osakaniza ndi mafuta ndi oats. Itanitsani cha anthu osadya nyama, chimene chimapezeka pafupifupi paliponse. Soseji ya ku England muiyese ya nkhumba pokhapokha atakuuzani zina, choncho bangers and mash, toad in the hole, sausage roll ndi Scotch egg zonse zisiyeni.

Zotsala ndi zambiri. Fish and chips ndi nsomba ya cod kapena haddock, zonse za mamba; malo ambiri amakazingira mafuta a mbewu, ena a ng'ombe. Ngati simukhudzanso mowa funsani, chifukwa ena amathira mowa m'phala lokutira nsombayo. Shepherd's pie ndi nyama ya nkhosa yogaya yokutidwa ndi mbatatesi yopota, ndipo cottage pie ndi chimodzimodzi koma ya ng'ombe. Lamlungu masana kuli Sunday roast: nyama yowotcha mu uvuni, mbatatesi, ndiwo zamasamba, msuzi ndi Yorkshire pudding, chophika chofufuma cha fulawa, mazira ndi mkaka. Sankhani ng'ombe, nkhosa kapena nkhuku, koma nenani kuti asakuikireni timasoseji tokulunga mu bacon kapena zonyemanyema zoika m'mimba mwa nkhuku, zimene nthawi zina zimakhala ndi nkhumba. Kum'mawa kwa London kuli pie and mash, chakudya chakale cha anthu ogwira ntchito m'madoko, chimene chimayenda ndi mikunga yozizira. Mikungayo ilibe mamba ooneka, ndiye ngati mpingo wanu umaletsanso nsomba zopanda mamba, isiyeni.

Tinene mosabisa: lilime lozolowera tomato, anyezi ndi mpiru lidzaona kuti zakudyazi n'zozizira mkamwa. Angerezi sathira zambiri mumphika, zokometsera amaika pa tebulo, monga viniga, mastadi ndi msuzi wa mint. Zigwiritseni ntchito. Sunday roast yabwino imapezeka mu pub, ndipo masana mumakhala mabanja ndi ana, si malo a mowa wokha. Kawirikawiri mumaitanitsa ndi kulipira pa kauntala, palibe amene adzabwere pa tebulo. M'malesitilanti yang'anani bilu: ambiri amaikiratu 12.5 peresenti ya othandiza, ndiye simufunika kuwonjezera. Mukalakalaka nsima, ufa woyera wa chimanga umagulitsidwa m'misika ya ku Brixton, Peckham ndi Dalston.

Ndimagulitsa tchipisi ndi nsomba, ndipo ndinayesa fish and chips. Phala lakunja limamatuka, nsomba imamwa mafuta, tchipisi chimafewa msanga. Ndikulakwitsa pati? (Mnyamata wa chiwaya wa ku Chawama)

Achimwene, mavuto atatuwa magwero ake ndi awiri: madzi ochuluka ndi moto wosakwana. Tiyeni tiyambe ndi muyeso wa anthu anayi.

Nsomba ikhale minofu inayi yopanda minga, uliwonse magalamu 150 mpaka 180. Cod kuno ndi yosowa ndi yodula. Hake ya m'mafiriji a m'masitolo ndiyo yofanana nayo kwambiri, koma minofu ya bream yaikulu kapena buka imachitanso bwino. Ngati ndi youma ndi ayisi, isungunulireni m'firiji usiku wonse, osati m'madzi otentha. Ithireni mchere pang'ono, dikirani mphindi 15, kenako ipukuteni ndi nsalu yoyera mpaka iume. Igubuduzeni mu fulawa wouma n'kukutumula wotsalira. Phala limamatuka chifukwa choliika pa nsomba yonyowa: nthunzi yotuluka m'nsombamo imalikankha.

Phala lake ndi ili: fulawa magalamu 200, baking powder supuni yaing'ono imodzi, mchere theka la supuni yaing'ono, ndi mamililita 300 a soda water kapena mowa wa lager monga Mosi. Zamadzizo zikhale zozizira kwambiri, zongotuluka m'firiji. Sakanizani nthawi yokazinga itakwana, ndipo musatakase kwambiri. Timibulu tochepa tilibe vuto. Kutakasa kwambiri kumalimbitsa fulawa, phala n'kukhala lotafunika ngati chitumbuwa m'malo mokhala lokhukhuta, ndipo likakhalitsa mpweya wa soda umatha. Likhale loti mukamiza supuni likutire msana wake koma n'kumayenderera.

Mafuta afike madigiri 180. Ngati mulibe choyezera, ponyanimo kachidutswa ka buledi: kakafiira m'masekondi pafupifupi 40, ali bwino. Kakada nthawi yomweyo, atentha mopitirira ndipo kunja kudzapsa m'kati muli mwamuwisi. Gwirani nsomba kumchira, imizeni theka m'mafuta kwa masekondi angapo kuti phala ligwire, kenako ilekeni ilowe yonse. Mukaiponya nthawi imodzi imamira n'kukakamira pansi. Kazingani ziwiriziwiri kwa mphindi 6 mpaka 8. Mukadzaza chiwaya, mafuta amazizira ndipo ndi pamene nsomba imawamwa. Pa mbaula dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu kuti kutentha kubwerere musanaike zina. Yopsa iikeni pa waya kuti mafuta adonthe, ndipo musaivindikire kapena kuiika m'pulasitiki.

Tchipisi cha Angerezi ndi chonenepa, masentimita 1.5, ndipo chimakazingidwa kawiri. Kilogalamu imodzi ya mbatatesi ikwana. Sankhani yaufa, imene imasweka ikaphikidwa. Yatsopano yamadzi sikhukhuta ngakhale mutatani. Dulani, tsukani mpaka madzi ayere, pukutani. Ulendo woyamba mafuta akhale ofatsa, madigiri 130 mpaka 140, kwa mphindi 6 mpaka 8, kuti chipse m'kati koma chisafiire. Chitulutseni chizizire. Ulendo wachiwiri madigiri 190 kwa mphindi 2 kapena 3 zokha. Kwa wamalonda njirayi ndi yopindulitsa, chifukwa ulendo woyamba mumapangiratu m'mawa, kasitomala akabwera n'kungomalizitsa. Mchere thirani potsiriza, pamodzi ndi viniga wabulauni.

Mafuta asapitirire theka la chiwaya, ndipo akayaka musathire madzi. Vindikirani ndi chitsulo.

Yorkshire pudding yanga siikwera, imakhala yaphwatalala ndi yolemera. Komanso magetsi amazimazima. Kodi ingatheke pa mbaula? (Mayi wa ku Chelston)

Ingatheke, amayi, koma tiyambe ndi chimene chimaikweza. Mu Yorkshire pudding mulibe baking powder kapena yisiti. Chimene chimaitukula ndi nthunzi: phala lamadzi likagwera m'mafuta otentha kwambiri limafufuma nthawi yomweyo, mazira n'kuuma kuti chisagwe. Choncho gwiritsani fulawa wamba, osati wodzikweza yekha.

Muyeso wosavuta ndi wa kapu: swerani mazira anayi m'kapu, onani pamene afika, ndipo muyeze mkaka ndi fulawa kufika pomwepo. Pa sikelo ndi fulawa magalamu 140, mazira 4 ndi mkaka mamililita 200, ndi mchere pang'ono. Menyani mazira ndi fulawa kaye, mkaka muzithira pang'onopang'ono kuti pasakhale mibulu. Phalalo lipume mphindi zosachepera 30. Likagona m'firiji limakwera bwino koposa. Tenthetsani uvuni kufika madigiri 220. M'thireyi ya makeke ya mabowo 12 thirani supuni yaing'ono ya mafuta m'bowo lililonse, iikeni mu uvuni mphindi 10 mpaka mafuta ayambe kufuka pang'ono. Batala ndi majarini sizoyenera, zimapserera zisanafike kutentha kofunika. Mafuta ophikira kapena otsika m'nyama ya ng'ombe ndiwo abwino. Thirani phala msangamsanga kuchokera mu jagi, bowo lililonse theka. Ngati silinalire pogwera m'mafuta, dziwani kuti silikwera. Tsekani, ndipo musatsegule kwa mphindi 20. Yotulutsidwa isanade bwino imafota pa tebulo.

Pa mbaula pangani imodzi yaikulu ndi theka la muyesowu. Tengani poto wolemera wa chivindikiro chachitsulo, muthiremo masupuni aakulu awiri a mafuta, atenthe mpaka afuke. Thirani phala, vindikirani, chepetsani makala apansi, ndipo ochuluka aikeni pa chivindikiro, monga mumachitira pophika chikondamoyo. Poto akhale wakuya, chifukwa phala limakwera m'mbali. Moto wapansi ukachuluka imapserera pansi pamwamba pali poyera. Pakapita mphindi 20 suzumirani kamodzi.

Mbatatesi yowotcha yoyendera limodzi nayo imayamba ndi kuwiritsa. Mabuku a ku England amati mphindi 8, koma Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 ndipo madzi kuno amawira pa madigiri 96, ndiye onjezerani mphindi ziwiri kapena zitatu. Khuthulani madzi, igwedezeni mu poto kuti m'mbali mukhakhale, kenako iikeni m'mafuta otentha kale kwa mphindi 45 mpaka ola, mukuitembenuza kawiri. Nyama ya ng'ombe ikatuluka mu uvuni ipume mphindi 20 musanaidule, apo ayi msuzi wake wonse umathera pa thabwa. Nthawi yopumayo ndi imene mumaphikira pudding.

Gulu lathu la amayi likufuna kukonza tiyi wa masana wachingerezi pa phwando la kitchen party. Pamafunika chiyani? (Mlembi wa gulu, Mtendere)

Mwambowu akuti unayamba cha m'ma 1840 ndi Anna, Duchess wa ku Bedford, amene ankamva njala pakati pa chakudya cha masana ndi chamadzulo. Umachitika pakati pa 15:00 ndi 17:00, ndipo zakudya zake ndi zitatu, zodyedwa motsatana: masangweji ang'onoang'ono odulidwa makoko, a nkhaka kapena mazira; masikono; kenako timakeke.

Sikono ya Angerezi siikhala ya shuga wambiri ndipo siiphikidwa m'timakapu. Pa masikono 8 tengani fulawa wodzikweza yekha magalamu 350, batala wozizira magalamu 85, shuga masupuni aakulu 3 ndi mkaka mamililita 175. Mabuku awo amawonjezera supuni yaing'ono ya baking powder. Kuno ikani theka lokha, chifukwa pamtunda zophika zimafufuma msanga n'kugwa. Fikisani batala mu fulawa ndi nsonga za zala mpaka zikhale ngati nyenyeswa, thirani mkaka, sakanizani ndi mpeni. Musakande. Phwatalitsani ndi manja kuti chikhale chochindikala masentimita 3 mpaka 4, dulani ndi kapu mongodinda osapotokola, popeza kupotokola kumamata m'mbali sikono n'kukwera mopendekeka. Pakani dzira pamwamba pokha, phikani pa madigiri 220 kwa mphindi 10 mpaka 12.

Amadya ndi jamu ndi clotted cream, mafuta a mkaka olimba a ku Devon ndi Cornwall. Kuno menyani kirimu wa m'sitolo mpaka alimbe, osathira shuga. Tiyi akhale wakuda, supuni yaing'ono imodzi pa munthu aliyense ndi ina yowonjezera, m'tiyipoti yotsukuluzidwa kale ndi madzi otentha. Wa ku Kawambwa kapena wa ku Thyolo ndi Mulanje ndi woyenera ndithu. Madzi athiridwe akuwira, tiyi akhale mphindi 4 kapena 5, ndipo mkaka uikidwe pambali mu jagi, wozizira, aliyense adzithirire yekha. Masikono aphikeni m'mawa wa tsiku lomwelo, ogona amauma. Masangweji a nkhaka akonzeni patatsala ola limodzi, mutapaka batala mpaka m'mphepete mwa buledi kuti madzi a nkhaka asalowerere, ndipo muwafunditse nsalu yonyowa pang'ono kufikira alendo atakhala pansi.